Funsani Tikuyankheni: N'chifukwa chiyani Boggiatto satchuka ngati Rosolino?

FUNSO: Ndinamva kuti Alessio Boggiatto wa ku Italy anakhalapo katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wosambira wa medley. Nanga bwanji dzina lake silimveka ngati la Massimiliano Rosolino?
Mphunzitsi wa masewera, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, mwamva zoona. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Fukuoka m'dziko la Japan mu 2001, onse awiri anatenga golide wa medley, mpikisano wophatikiza masambiridwe anayi: Rosolino, yemwenso ndi wa ku Italy, pa mamita 200, Boggiatto pa mamita 400. Chinawasiyanitsa ndi masewera a Olimpiki. Rosolino anali atatenga kale golide wa mamita 200 ku Sydney mu 2000, n'kuonjezapo siliva ndi bulonzi pa freestyle, mpikisano wosambira mmene ukufunira. Boggiatto anafika m'fainolo ya mamita 400 ku Sydney, ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo katatu konseko anathera pa nambala 4. Ku Athens, László Cseh wa ku Hungary anamulanda bulonzi ndi mpata wosakwana sekondi imodzi, golide n'kupita kwa Michael Phelps, yemwe anautenganso ku Beijing. Wachinayi sakwera pansanja yolandirira mendulo, ndiye makamera samufuna. Rosolino uja anakaonekeranso pa pulogalamu ya magule pa TV ya kwawo, motero ngakhale osatsatira zosambira amamudziwa. Ife tikuona kuti kukhala m'gulu la anayi otsogola kwa zaka 8 pa mtunda wotopetsa chonchi ndi ntchito yoyenera ulemu woposa umene analandira.

FUNSO: Mwana wanga amasambira bwino mumtsinje wa Bua. Kodi medley ndi chiyani, ndipo angaiphunzire komweko?
Kholo, Mchinji

YANKHO: Medley ndi masambiridwe anayi pa ulendo umodzi, motsatana chonchi: butterfly yoponya mikono yonse iwiri kutsogolo pamodzi, backstroke yosambira chagada, breaststroke yoponda madzi ngati chule, pomaliza freestyle. Pa mamita 400, uliwonse umatenga mamita 100, kutanthauza kuoloka dziwe la mamita 50 kasanu ndi katatu.

Ambiri amachotsedwa mumpikisano chifukwa cha khoma osati liwiro. Pa butterfly ndi breaststroke, manja onse awiri ayenera kukhudza khoma nthawi imodzi; dzanja limodzi likatsogola, woweruza amakuchotsa. Pomaliza gawo la backstroke uyenera kukhudza khoma udakali chagada, osayamba watembenuka chafufumimba. Ukadumphira m'madzi kapena kukankha khoma pa butterfly, backstroke ndi freestyle, mutu utulukire usanapyole mamita 15. Gawo lomaliza, ngakhale likutchedwa freestyle, saloleza kubwereza umodzi mwa atatu oyamba aja.

Vuto lina ndi kuyamba mothamanga. Butterfly imadya mphamvu kwambiri, ndiye woiyamba mwaphuma amafika pa breaststroke miyendo italema, pomwe ndi pamene akatswiri amasiyirana mtunda.

Mumtsinje mwana angakhwimitse mapapo ndi mikono, koma mulibe khoma lophunzirira kutembenuka, ndipo madzi oyenda amanamiza liwiro lake. Mukapeza dziwe la mamita 25, ayambe ndi medley ya mamita 100, mtunda umodzi pa kasambiridwe kalikonse, wamkulu ataima pambali kuyang'ana manja pakhoma. M'nyengo ya mvula Bua akadzaza, asalowemo n'komwe.