Funsani amakaniko: kukonzekeretsa galimoto yokathamanga pa bwalo la mpikisano ndi ndalama zochepa

FUNSO: Ndili ndi Toyota Altezza RS200 ya giya wapamanja, yayenda makilomita 160,000. Ine ndi anzanga tikufuna tikalowe nawo track day, tsiku limene munthu wamba amalipira n'kuthamangitsa galimoto yake pa bwalo la mpikisano. Ndalama ndili nazo zochepa. Anzanga akuti ndiyambe ndi ekizozi yaikulu ndi kusintha kompyuta ya injini. Ndiyambire pati? (Wowerenga wa ku Chirimba)

YANKHO: Achimwene, ekizoziyo idikire kaye. Injini ya 3S-GE imene ili m'galimoto yanuyo inatuluka ku Japan ndi mphamvu ya 210 PS, ndipo munthu wongoyamba kumene sangaimalize. Chimene chimabweza anthu kunyumba dzuwa lisanafike pamutu ndi mabuleki, ndiye ndalama zanu zoyamba zipite kumeneko.

Yambani ndi brake fluid. Madzi amenewa amayamwa chinyezi, ndipo galimoto zambiri zochokera ku Japan zimayenda muno zaka ndi zaka osawasintha. Brake fluid watsopano wa mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa chinyezi amatha kuwira pa 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, mumaponda buleki phazi n'kungomira mpaka pansi. Amene amatsika mapiri a ku Chikwawa atanyamula katundu amalidziwa vutoli, koma pa bwalo limafika msanga chifukwa mumaponda mwamphamvu pa kona iliyonse. Lita imodzi ikwanira kutsuka mapaipi onse. Gulani DOT 4 kapena DOT 5.1 wa m'botolo losatsegula, ndipo mukapeza ATE Typ 200 kapena Motul RBF 600 tengani ameneyo, chifukwa amapirira kutentha kwambiri. DOT 5 wopanda kadontho ndi 1 musamuyandikire: ndi wa silikoni, sasakanikirana ndi enawo. Pokhetsa, muuze makaniko apitirize tayala ndi tayala mpaka madzi otuluka ayere ndipo asakhale ndi thovu.

Kenako mapadi a mabuleki. Akatsala osakwana theka, sinthani. Mapadi otchipa opanda dzina amene amadzaza m'mashopu a zipangizo akatentha amasalala ngati galasi. Zikatero buleki imamveka yolimba kuphazi koma galimoto siyima. Kusiyanitsa mavuto awiriwa n'kofunika: pedulo yofewa yomira ndi fluid, pedulo yolimba yosagwira ndi mapadi. Pa disiki yang'anani pamene palembedwa MIN TH, ndiko kupyapyala komaliza kololedwa, muyeze ndi vernier, chipangizo choyezera makulidwe. Disiki ya ming'alu yofika m'mphepete ichoke.

Injini ingopatseni sevisi yeniyeni. Timing belt imasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo ngati mulibe umboni woti inasinthidwa, sinthani pamodzi ndi tensioner ndi water pump. Thirani oyilo watsopano wa synthetic, 5W-40, afike pa mzere wapamwamba wa dipstick osapyola. Pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ndiye akakhala wochepa pampu imakoka mpweya, ma bearing n'kupsa. Radiyeta ya mutu wa pulasitiki wosanduka wofiirira yatsala pang'ono kung'ambika. Sinthani chivundikiro chake, thermostat ndi mapaipi onse ofewa kapena otupa, ndipo muthire coolant osati madzi a pampopi. Zonsezi zikatheka ndalama n'kutsalako, lipirani tsiku lachiwiri la pa bwalo. Lidzakuthamangitsani kuposa ekizozi.

FUNSO: Matayala a kaunjika ali ndi mapanga abwino ndipo ndi otchipa. Ndingawagwiritse ntchito? Nanga mpweya ndipope wochuluka bwanji? (Wowerenga wa ku Limbe)

YANKHO: Bambo, mapanga okha asakunyengeni. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 limakhala litauma, siligwira msewu, ndipo likatentha limatha kusenda. Lotupa pambali kapena lomatidwa pambali ndi lotaya. Matayala anayi akhale a mtundu umodzi. Simukufunika ma semi-slick, matayala a mpikisano a mapanga ochepa, poyamba: tayala labwino la mumsewu limalira likamayandikira kutsetsereka, ndipo kulira kumeneko kumakuphunzitsani. Tayala logwira kwambiri limawonjezeranso katundu pa mabuleki, ma bearing ndi sampu.

Mpweya umakwera tayala likatentha. Yambani ndi 1.9 kapena 2.0 bar matayala ali ozizira. Mukatuluka pa bwalo yezani nthawi yomweyo, mufune pakati pa 2.2 ndi 2.4 bar, ndipo phwetsani pang'ono ngati wapyola. Geji ikhale yanuyanu. Madzulo musaiwale kupopanso musanalowe mumsewu. Manati a matayala a Toyota zambiri amamangidwa pa 103 Nm ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati kudumphira pa sipanala, ndipo muwayese asanatenthe.

FUNSO: Mchimwene wanga akuti ndidule masipuling'i a Suzuki Swift Sport yanga kuti itsike, ndiikenso malamba anayi aja a mpikisano. Zili bwino? (Mayi wa ku Namiwawa)

YANKHO: Achemwali, zonse ziwiri ayi. Sipuling'i yodula imatha kuchoka pamalo pake tayala likalendewera, ndipo imapha shock absorber msanga. Ndalama zimenezo sinthirani ma shock otayikira, ma bush, ma ball joint ndi ma tie rod end ogwedera, chifukwa maenje a misewu yathu amakhala atazidya kale. Mukatero kachititseni alignment. Ma wheel bearing yesani ponyamula galimoto ndi jeke n'kugwedeza tayala mutagwira pamwamba ndi pansi.

Malamba anayi amakumangirirani chilili. Galimoto ikagubuduka denga n'kuphwanyika, thupi silingapendekeke kuthawa, choncho malambawa amafuna roll bar, chitsulo choteteza denga kuti lisakuphwanyeni, ndi mpando woyenera. Lamba wa fakitale ndi wabwino kuposa malamba omangidwa molakwika. Gulani helimeti yokwana bwino yokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05, ECE 22.06 kapena Snell, osati zija zopepuka za pa kabaza. Batire imangidwe ndi chitsulo chake, osati chingwe cha mphira. Chozimitsira moto cha kilogalamu imodzi chimangidwe ndi mabawuti pamene dzanja lifika. Chotsani makapeti, jeke, mabotolo ndi chilichonse chimene chingagubuduke kulowa pansi pa pedulo.

FUNSO: Tingakayese kuti? Usiku mumsewu wa Masauko Chipembere mumakhala mopanda galimoto. (Achinyamata a ku Ndirande)

YANKHO: Anyamata inu, mumsewu umenewo mumadutsa anthu apansi, njinga ndi minibasi ngakhale usiku, ndipo kuthamangitsana pa msewu wa aliyense ndi mlandu. Mabwalo enieni alipo kwa anansi athu: Donnybrook ku Harare, komanso Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town. Ku Harare ndi pafupifupi makilomita 600 kuchokera muno mu Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Lumikizanani ndi oyendetsa bwalo musananyamuke kuti akuuzeni masiku ndi malamulo awo. Nyamulani blue book ndi COF yosatha, ndipo dziwani kuti COMESA Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yodutsira malire a maiko, sigwira ntchito ku Mozambique, kumeneko inshuwalansi mumagula pa chipata. Inshuwalansi wamba nthawi zambiri salipira ngozi ya pa bwalo, funsani kampani yanu ikuyankheni molemba.

Pa tsikulo thamangani mphindi 15 kapena 20 zokha nthawi imodzi. Kuzungulira komaliza yendani pang'onopang'ono osaponda buleki kuti mphepo iziziritse madisiki. Mukaima musakoke handibuleki, chifukwa mabuleki otentha amamatirira n'kuwononga disiki: ikani giya, tsekerani tayala ndi chipika. Tsegulani boneti, yang'anani oyilo ndi mapadi musanabwererenso. Tengani mapadi akutsogolo apadera, lita ya oyilo ndi theka la lita ya brake fluid, popeza ulendo wobwerera ku Blantyre udzafuna mabuleki omwewo.