Yankho: ndere m'dziwe la pabwalo la gofu

Mwafunsa ngati mabakiteriya ogulitsidwa othira m'madzi aja angathetse ndere m'dziwe lanu popanda mankhwala a kopa ophera ndere. Angathandize ndithu, koma musayembekezere kuti apha ndere. Ntchito yawo ndi kuwoletsa zinyalala zapansi ndi kulanda chakudya cha ndere, makamaka nayitrojeni ndi fosiforasi. Amagwira bwino madzi akafunda komanso akakhala ndi mpweya wokwanira, choncho ikani makina opopera mpweya pansi pa dziwe. Popanda zimenezo ndalama zanu zingopita pachabe.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi feteleza wa pa kapinga. Mvula ikagwa kapena mukathirira, amatsetserekera m'dziwe, ndere nkumakhuta. Siyani udzu wautali m'mphepete monse, musathire feteleza pafupi ndi madzi, ndipo udzu wometa usagweremo.

Mapesi a balere nawonso mungayese. Aikeni m'maukonde mosapanikiza, ayandame, nyengo yotentha isanayambe, chifukwa amangoletsa ndere zatsopano, zakale sazikhudza, ndipo sathandiza m'dziwe lililonse. Zomwe zayala kale pamwambazo zivuuleni ndi reki, musazisiye kuti ziwolere m'madzi, nsomba zingasowe mpweya.