Achemwali, mwana sanapenge, ndi nyimbo ndithu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga m'mawa uno ndili m'kombi yopita ku Mbare muno mu Harare, ndipo ndinaseka ndekha mpaka amayi amene ndinakhala nawo pampando anandicheukira. Mwati mnyamata wanu ku Mufakose akumadzitsekera kuchipinda n'kumamvera chimbale chotchedwa Pretty Hate Machine, phokoso lake ngati chigayo chameza mwala, ndiye mukufunsa ngati zimenezi ndi nyimbo kapena mwana walowa zausatana. Ndaona ena akuuzani kale kuti muthamange naye kwa abusa. Tadikirani kaye. Chimbalecho ndimachidziwa, ndinachimva koyamba pa kaseti imene mnzanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg ndisanakwatire n'komwe, ndipo mpaka lero kutchalitchi ndimapita.

Chimenecho ndi chimbale choyamba cha gulu la ku America lotchedwa Nine Inch Nails, chinatuluka mu 1989. Ndati gulu, koma kwenikweni anali munthu mmodzi, Trent Reznor, mnyamata wa zaka 24 panthawiyo. Ankagwira ntchito pa situdiyo ina ku Cleveland, kuthandizira ojambula nyimbo komanso kusesa ndi kukolopa. Mwini situdiyo anamulola kuti usiku, anthu olipira akaweruka, azigwiritsa ntchito zipangizo. Nyimbo zambiri za m'chimbalemo zinayambira pamenepo, iye yekha ndi kiyibodi, kompyuta ndi kamakina koimba ng'oma kotchedwa drum machine. Ife ana a anthu amene anabwera muno mu Zimbabwe kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, nkhani ya wokolopa woimba usiku siyenera kutidabwitsa. Chimbalecho chinadzagulidwa makope opitirira 3 miliyoni ku America kokha, ndipo mu 2011 bambo yemweyo analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar pamodzi ndi mnzake Atticus Ross chifukwa cha nyimbo za mufilimu.

Mtundu wa nyimbozi amautcha industrial, ndiye kuti za m'mafakitale. Dzinali linachokera ku London, kumene gulu la Throbbing Gristle linakhazikitsa kampani yake ya Industrial Records n'kutulutsa chimbale mu 1977. Koma amene amandisangalatsa ine ndi a ku West Berlin, a dzina lopinda lilime lakuti Einstürzende Neubauten. Chimbale chawo choyamba, Kollaps, cha mu 1981, anachiimba pomenya zitsulo zotola kudzala, malata, mapaipi, ndi makina oboolera konkire. Poyerekeza ndi amenewo, zimene akumvera mwana wanu ndi phala la ana, chifukwa Reznor anatenga phokosolo n'kuikamo makolasi oti munthu n'kuimba nawo, ngakhale kuvina kumene.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene akuti ndi phokoso chabe. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Magaba, malo a amisiri ku Mbare. Amene munafikako mukudziwa mmene kumamvekera cha m'ma 10 koloko m'mawa: uyu akukhoma ndowa, uyo akuwongola lata pa njanji yakale, wina akudula mgolo kuti apange mbaula, kuseri jenereta ikulira chifukwa magetsi azima. Mlendo amagwira makutu. Koma ukakhalitsa umayamba kumva kuti nyundo zija zimayankhana. Wokhoma ndowa ali ndi kamenyedwe kake, sasintha, ngati mbalule. Wa lata amalowa pakatipakati. Makina odulira akalira amaphimba onse, kenako akatonthola nyundo zija zimatulukanso zili pomwe zinali. Tsiku limene ndinamva nyimbo yoyamba ya pachimbalecho, Head Like a Hole, ndinati awa aba kuntchito kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amajambula kaphokoso kamodzi, kaya chitsulo chagwa pansi, n'kukasunga m'makina otchedwa sampler, ndiye akadina batani la kiyibodi chitsulo chija chimagwanso, kakhumi, kazana, pa nthawi imene akufuna.

Ndipo tisamanamizire kuti makutu athu amakonda zosalala zokhazokha. Anzathu achishona amakhomerera zitsekerero za mabotolo pa mbira, choimbira chawo chonga kalimba, ndi pa chikombe chake dala, kuti zizinjenjemera, mawu asatuluke oyera. Mbira yopanda kunjenjemera koteroko amati ikusowa kanthu. Ifenso gule akatuluka, zvigure monga amanenera kuno, ng'oma, maseche ndi fumbi sizikhala zofatsa, ndipo aneba athu akhala akutinena kwa zaka zambiri kuti ndi zaufiti chifukwa choti sakuzimvetsa. Zimandiwawa pang'ono kuona ife tomwe tikuthamangira mawu omwewo pa mwana wathu.

Komabe sindikubisirani, mawu a m'nyimbozo si a Sande sukulu. Dzina la chimbalelo tingalimasulire kuti makina okongola a chidani. Muli mkwiyo, muli kudandaula kwa munthu wosiyidwa ndi chibwenzi, muli za kuchipinda zosayenera ana aang'ono, ndipo mu nyimbo ya Terrible Lie mnyamatayo akukangana ndi Mulungu maso ndi maso, kumufunsa chifukwa chake wamutaya. Kupembedza Satana mulibe, koma wina akhoza kukhumudwa nazo, ndipo sindingamutsutse. Ine ndimati Yobu nayenso anafunsa mafunso otero, kungoti analibe drum machine. Head Like a Hole ija ikunyoza kulambira ndalama, nkhani imene aliyense wokhala mu Harare muno angaiimbe ndi mtima wonse.

Mwana wanu sindikumudziwa, ndiye chimene ndingayang'ane ine si chimbale ayi, koma iyeyo. Akudya? Kusukulu akupita? Anzake akubwerabe pakhomo? Ngati zonsezi zili bwino, ndi msinkhu chabe, nafenso makolo ankatitseketsa wailesi tikatsegula nyimbo za sungura, lero woimba sungura Alick Macheso ndi wa banja lonse. Ngati wasiya kudya ndi kulankhula, vuto lilipo, koma kuphwanya foni sikungalichotse, mukhale naye pansi kapena muitane amalume ake.

Chimene ndikuopa kwenikweni ndi makutu. Langa lakumanzere limalira lokha usiku chifukwa cha zaka zonsezi ndili pa zitsulo, ndipo makutu akawonongeka choncho sabwerera. Muuzeni atsitse voliyumu ya mahedifoni, ngati inu muli pakhomo la chipinda mukumva zimene akumvera ndiye kuti yakwera kwambiri.

Ngati ali ndi chidwi chopanga zake, mundilembere ku inbox. Abwere Loweruka ku Magaba ndi foni yake ajambule nyundo zathu, mapulogalamu aulere osanjira phokoso pa kompyuta alipo ambiri. Koma avale nsapato zotseka, pansi pamakhala zidutswa za malata, ndipo akamaliza kujambula andigwirireko chitsulo ndikamawotcherera geti la kasitomala.