Ntchentche zoona, koma osati zija za kuchimbudzi

Asisi funso lanu ndaliona, mukufunsa kuti "azasayansi akuti akuphunzira mabakiteriya abwino a m'mimba pogwiritsa ntchito ntchentche, nanga ntchentche si zomwe zimatibweretsera kolera zija, ndiye ntchentche ndi munthu zikugwirizana pati?" Funso labwino kwambiri ili, ndiyankhako motalika pang'ono mundipirire.

Poyamba sizija zazikulu zotera pa nsima ayi. Ndi tija tating'onoting'ono ta maso ofiira timazungulira pa nthochi yakupsa kwambiri kapena pa makoko a mango mukawasiya mu beseni, mukangogwedeza beseniyo timadzuka tonse ngati utsi. Dzina lake ndi Drosophila melanogaster ndipo kwawo kwenikweni ndi konkuno kummwera kwa Africa, mu 2018 ofufuza anakatipeza m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe tikudya ndi kuikira mazira pa zipatso za mfula. Mu labu tinalowa kalekale, Thomas Hunt Morgan ankatiweta m'mabotolo ku Columbia University ku New York, mu 1910 anapeza kamodzi ka maso oyera ndipo ntchito imeneyo, yofufuza momwe ana amatengera kwa makolo, inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1933.

Nkhani yagona apa. M'matumbo mwa inu ndi ine muli mitundu mazanamazana ya mabakiteriya, ndiye mwana akamapinimbira ungadziwe bwanji kuti wasowa bakiteriya uti? Sungatenge mwana wa munthu n'kumuchotsa tizilombo tonse m'mimba kuti uone chichitike n'chani. Koma kantchentcheka kali ndi mitundu yochepa chabe, yambiri ndi ya magulu awiri, Lactobacillus ndi Acetobacter, ndipo kuchotsa kwake n'kosavuta: amatenga mazira n'kuwatsuka mu mankhwala onga Jik yemweyu timachapira zoyera, chikhungu chakunja chimasungunuka pamodzi ndi mabakiteriya onse, kenaka amawaika pa chakudya chophikidwa bwino choti mulibe kachilombo ndi kamodzi komwe. Mphutsi zoswedwa pamenepo zimakhala zoyera m'mimba. Ndiye umabwezera bakiteriya mmodzi yekha mu botolo ili, wina mu botolo ilo, lachitatu osaikamo kanthu, basi n'kumayang'ana. Kuchoka pa dzira kufika pa ntchentche yaikulu ndi masiku 10 okha kukakhala kofunda cha pa 25°C, ndiye pa mwezi umodzi wayesa kale kangapo pomwe pa munthu ukanadikira zaka.

Chimene chimandikhudza ine ndi cha mu 2011. Gulu la François Leulier ku France linapatsa mphutsi chakudya chopereŵera, yisiti yochepa, ndiye kuti zomanga thupi zochepa. Zopanda mabakiteriya zija zinachedwa kukula kwambiri, koma zimene anazipatsa Lactobacillus plantarum zinakula msanga pa chakudya chomwecho chosakwanacho. Chaka chomwecho gulu la Won-Jae Lee ku Seoul linaonetsa kuti Acetobacter pomorum, amene amapanga asidi wa mu viniga, amadzutsa dongosolo la insulin m'thupi la ntchentche, lomwe limayendetsa kakulidwe komanso shuga ndi mafuta. Dongosolo limenelo nafenso tili nalo, ndi chifukwa chake anthu sanaitenge ngati nkhani ya ntchentche zokha. Mu 2016 a Leulier aja anayesa pa tiana ta mbewa todyetsedwa mopereŵera ndipo L. plantarum anathandizanso, koma osati aliyense, mtundu wina wa bakiteriya yemweyo unathandiza kwambiri pamene wina unangothandiza pang'ono.

Ndipo musaganize kuti izi ndi za kutali. Mu 2013 kunatuluka kafukufuku wa mapeyala 317 a mapasa a kuno ku Malawi motsogozedwa ndi Jeffrey Gordon wa ku Washington University ku St. Louis. Panali mapasa ena oti mayi mmodzi, phala limodzi, koma wina watupikana ndi kwashiorkor mnzake ali bwinobwino. Anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo n'kuika mu mbewa zopanda tizilombo m'mimba, n'kumazidyetsa chakudya chonga chathu cha chimanga ndi masamba, ndipo zimene zinalandira a mwana wodwala zinaonda kwambiri. Chiponde cha kuchipatala chija chinkakonzako zinthu koma akasiya zimabwerera. Mafunso ngati amenewa, akuti bakiteriyayu akuchita chani kwenikweni m'thupi, ntchentche imathandiza kuwayankha mwachangu komanso motchipa.

Koma chonde asisi, wina asawerenge izi n'kumati ndiye mwana wopinimbira tizingomumwetsa thobwa kapena chambiko basi achira. Inde mu zakudya zosasa mumapezeka mabakiteriya a gulu lomweli, koma mphutsi zija zinali kudyabe, bakiteriya amangothandiza thupi kupindula ndi chochepa chomwe chilipo, salowa m'malo mwa mazira, usipa, nyemba kapena nsinjiro. Komanso ntchentche si munthu, m'matumbo mwathu mabakiteriya ambiri ndi oti safuna mpweya pomwe a ntchentche amaupirira, ndiye chopezeka pa ntchentche chimayenera kudutsa pa mbewa kenaka kuyesedwa mosamala pa anthu. Mwana akayamba kutupa mapazi kapena tsitsi kufiira, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.