Musapereke K500 imeneyo amai, nyumbazo kulibe

Amai inu amene mwafunsa m'gulu muno ngati mupereke K500 kuti akulembeni dzina la nyumba ya khonsolo, musapereke. K500 imeneyo guliraniko unga ndi makala ana adye. Amene wakuuzani kuti ali ndi mndandanda wa nyumba za khonsolo za anthu ovutika, ndipo akulembani dzina mukamupatsa ya fomu, mumufunse chinthu chimodzi chokha: nyumbazo zili mbali iti ya Chipata? Ku Kapata? Ku Kalongwezi? Njira ya ku Mwami? Mukwere naye njinga akakuonetseni khomo ngakhale limodzi. Muona, ayamba kuyankha foni yoti sinalire.

Ndipo inu amene mwalemba pamwambapa kuti "yesani mwayi, mwina ndi zoona", mwandikwiyitsa zedi. Ndalamayo si yanu.

Nyumba za khonsolo zinaliko, inde, inenso ndinakulira m'nyumba yotero. Koma mu 1996 a Chiluba analamula kuti zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo zinapita pa mtengo wongotaya. Makolo athu anavina, sindikuwanena, ndani akanakana nyumba? Koma lendi ya nyumba zija ndiyo inali ndalama yolowa mwezi ndi mwezi ku makhonsolo, ndipo zitagulitsidwa palibe anamanga zina zolowa m'malo. Tinadya mbewu yobzala. Madzi nawo anachoka ndi lamulo la 1997 n'kupita ku makampani, n'chifukwa chake bilu ya madzi mumalipira ku Eastern Water, osati ku Civic Centre, maofesi a khonsolo. Malaiti ndi a ZESCO. Tsono khonsolo inatsala ndi chiyani? Ma rates a nyumba ndi mashopu amene ali m'buku lawo, ndipo ambiri a ife m'komboni mulibe m'bukumo. Levy ya pamsika ndi pa steshoni ya mabasi. Ma licence a mabala ndi magolosale. Personal levy, msonkho wa anthu a pantchito, imene ngakhale munthu alandire malipiro aakulu bwanji sipitirira K15 pa chaka, ndalama yoti ngakhale botolo la saladi sikwana. Kenako pali ija imachokera ku Lusaka kuyambira 2015, Equalisation Fund, imene yambiri imathera ku malipiro a ogwira ntchito, ngakhale lamulo limati 20 peresenti ipite ku zomangamanga. Pa ndalama zomwezo achotse zinyalala, akonze ngalande, misewu ya m'kati, ozimitsa moto, manda. Nyumba ya inu ndi ine ichokera pati? Mu 2017 tinavina kuti Chipata yakhala city, koma dzinalo silinabwere ndi nyumba ngakhale imodzi ya mayi wogulitsa tomato.

Izi ndinazidziwa nyumba yanga itagwa kale.

Bambo a ana atamwalira tinali pa lendi ku Mchini. Maliro asanazizire alandilodi anakweza. Ndiye kunabwera bambo wina wa ku tchalitchi kwathu komwe, aliyense ankangomuti a tcheyamani, sindikudziwa kuti anali tcheyamani wa chiyani mpaka lero. Jekete, nsapato zopukuta, kachikwama ka mapepala m'khwapa. Akuti amai tamva za vuto lanu, khonsolo yapatula mapuloti a amasiye cha kumunsi kwa phiri, ine ndiye ndikulemba maina. Anayamba ndi ya fomu, yaing'ono ngati yanuyi. Patapita masabata, ya a survey. Kenako ya ma beacon. Kenako akuti bwana wina kumeneko akufuna ya mafuta kuti fayilo yanu ikwere pamwamba. Pomaliza inakwana K7,000, ina ya chilimba, ina ya kaloba. Ankandipatsa mapepala a chidindo chofiirira, siginecha yopotanapotana, ndipo anapita nane yekha pamalopo n'kukhoma zikhomo zinayi akupemphera. Akupemphera amai! Anagwira Baibulo ndi dzanja lomwelo limene analandirira ndalama yanga.

Njerwa tinaumba tokha ndi ana, madzi kutunga ndi mutu, manja kuchita kusweka. Tinaotcha, tinamanga zipinda ziwiri, malata ogula akale obookabooka ndinamata ndi phula. Chitseko anandipatsa mlamu wanga. Tinalowa mvula itangoyamba, pansi posaika simenti, koma usiku woyamba ndinagona tulo toti sindinagonepo chimwalirire mwamuna wanga.

Tsiku lotigwetsera nyumba kunali kusanache bwino, mu Disembala. Ndinali nditayatsa mbaula, phala lili pamoto, wamng'ono ali gone ndi malungo. Ndinangomva Canter yaima. Anatsika bambo wina wa mimba yake ndi anyamata onyamula mapiki ndi zitsulo. Sanapereke ndi moni. Akuti ndani anakupatsani chilolezo chomanga pa malo anga? Ndinathamangira m'nyumba kukatenga mapepala anga aja m'pulasitiki, ndikunjenjemera, ndinawapatsa ndi manja awiri. Anayang'ana n'kuseka, akuti chidindo ichi amadinda ndi mbatata. Anyamata aja n'kuseka nawo. Iwo anatulutsa awo, offer letter, mapu a puloti okhala ndi nambala, zonse. Ndinagwada m'matope, ndinawagwira mwendo, ndinati bambo ndipatseni sabata imodzi ndichotse malata anga bwinobwino, mwana akudwala. Anangoti nthawi ndilibe, ndalipira kale galimoto. Lata loyamba analizula mwana ali m'kati. Phokoso la misomali ija ikuzuka ndimalimvabe. Mkulu wake wa giredi 7 anamunyamula ndi bulangete lomwe kutuluka naye, fumbi la njerwa lili m'tsitsi monse. Wina anakankha mbaula ndi phazi, phala lonse pansi, galu wa aneba n'kubwera kudzanyambita ife tikuona. Ndiye mvula inabwera. Belo langa la salaula, limene ndinali ndisanatsegule, la ngongole, linanyowa lonse, zovala zoyera zinatenga mtundu wa zofiira, ndinadzagulitsa pa mtengo wa zigamba. Mabuku a ana anasanduka phala lachiwiri. Chithunzi cha ukwati wathu ndinachipeza pansi pa khoma, galasi litasweka pankhope ya malemu. Anthu anaima mozungulira manja ali m'khosi, ena akujambula ndi mafoni. Mmodzi yekha, agogo ena ogulitsa makala, ndiwo anabwera ndi wilibala yawo osanena kanthu, n'kuyamba kulongeza mapoto. Tinakankha mpaka ku Magazine kwa mng'ono wanga, mwana ali kumsana akutentha thupi, ine nsapato imodzi.

Pofika masana tinadziwa kuti si ine ndekha. Mzere wonse uja a tcheyamani anagulitsa kwa amai ena, ambiri amasiye, wina anali atafika pa windo, wina atangothira maziko. A tcheyamani foni yozima. Kunyumba kwawo akazi awo akuti anapita ku Lusaka kumaliro. Maliro ake sanathe mpaka lero. Ndimamva kuti amaoneka, ananenepa, ayendetsa ka Corolla. Ngati muli m'gulu lino ndi dzina lina, bambo inu, werengani bwinobwino: ana anga anasiya sukulu temu yathunthu chifukwa cha inu, kaloba uja ndinabweza kawiri kuchuluka kwake, ndipo mukadzaimanso kutsogolo kwa tchalitchi kutsogolera nyimbo mudziwe kuti Mulungu si mwana. Ndi bambo wa Canter uja naye sindinamukhululukire. Malo anali ake, sindikana, koma pepala la khoti lolamula kugwetsa sanandionetse, ndipo ngakhale akanakhala nalo, mwana wodwala anamulakwira chiyani? Ena m'tchalitchi anayamba kundiuza kuti ndizisiye m'manja mwa Ambuye, tisachititse manyazi mpingo. Manyazi a mpingo, ine ndikugona pakhonde la mng'ono wanga ndi ana?

Nditapita ku Civic Centre ndi mapepala aja, mayi wina wa ku mapulani anandikhazika pansi, anatsegula mapu, anandionetsa kuti malo aja anaperekedwa kale kwa eni ake zaka zapitazo, ndipo mapuloti a amasiye sanakhaleko n'kale lonse. Ndiye anandifotokozera mmene zimayendera. Khonsolo ikakhala ndi mapuloti imalengeza poyera, pa bolodi ndi pa wailesi. Fomu umagula pa kauntala ya ndalama, amakupatsa risiti ya khonsolo, ndipo ndalamayo sibwerera ngakhale usapeze. Pali ma interview. Ukasankhidwa ulipira service charge, imene ndiyo amati ya kutsegulira misewu m'deralo, ndipo dzina lako amalitumiza kwa Commissioner of Lands, ndiye amatulutsa offer letter, kenako title ya zaka 99, ndi ground rent chaka ndi chaka. Muone apa amai: mapuloti ndi njira imene khonsolo imapezera ndalama, si njira imene imagawira osauka. Pa interview amafuna kuona ngati ungathe kumanga. Wogulitsa zitumbuwa apikisana bwanji ndi wa payslip? Ku Zambia National Building Society nakonso ngongole ya nyumba imafuna malipiro okhazikika ndi mapepala a malo. National Housing Authority imamanga zogulitsa ndi za lendi, osati zaulere. Anzathu a pantchito mu 2023 anatapako 20 peresenti ya penshoni yawo ya NAPSA, ambiri anagula malata ndi mabuloko, ife a pamsika tinangoonerera.

Tsono kuti thandizo kulibiretu, ayi. Lilipo, koma silibwera ngati nyumba, ndipo silifuna K500 ya munthu. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'dera, inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, 2023 K28.3 miliyoni, 2024 K30.6 miliyoni, 2025 K36.1 miliyoni. Chipata Central ili ndi yake, Luangeni ili ndi yake, ndipo imadutsa ku khonsolo komweko. Yambiri ipita ku makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono, mijigo, misewu. Nyumba za CDF zimene ine ndaona ndi maso ndi za aphunzitsi ndi anamwino. Koma muli ma bursary a ana a ku boarding ndi a maphunziro a ntchito zamanja, muli ma grant a magulu a amai ndi achinyamata, muli ngongole za bizinesi. Fomu yake mumatenga kudzera ku Ward Development Committee ya wadi yanu, ndipo ndi yaulere. Mwana wanga uja ananyamula mng'ono wake anaphunzira za malaiti ndi bursary imeneyo, lero ndiye amatigulira unga. Zimachedwa, mapepala ndi ambiri, gulu liyenera kukhala lolembetsa ndi akaunti ku banki, ndipo mudzamva anthu akudandaula za kukondera, koma ndalamayo ilipodi. Social Cash Transfer, ndalama imene boma limapatsa mabanja ovutika, si ya khonsolo, ndi ya a Community Development and Social Services, amalemba kudzera ku ma CWAC, makomiti othandiza ovutika a m'dera lanu, amayang'ana okalamba, olumala, odwala nthawi yaitali, ndi amai olera ana okha. Mwanena kuti muli ndi ana anayi ndipo bambo kulibe, pitani mukafunse ku Social Welfare, musatume munthu. Cash for Work, ganyu ya boma ija ya chilala cha 2024, K600 pa masiku 10, inadutsa ku makhonsolo. Denga likachoka ndi mphepo kapena nyumba ikagwa ndi madzi, amenewo ndi a DMMU, a boma oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mumayambira kwa khansala. Sukulu kuyambira 2022 ndi yaulere, ndiye ya fizi ija muziika padera ngakhale pang'ono.

Malangizo anga ndi awa. Ndalama iliyonse ya malo muzilipira pa kauntala, risiti m'manja, osati pansi pa mtengo, osati pa mobile money ya munthu. Musanagule puloti tengani nambala yake mukafunse ku mapulani ndi ku Lands kuti ndi ya ndani. Ngati ndi m'komboni, funsani ngati komboniyo inavomerezedwa ndi khonsolo, chifukwa mmenemo mutha kupeza occupancy licence ya zaka 30, ndipo ikatha mumawonjezera. Si title, koma palibe wa Canter angakuzuleni malata muli nayo. Chitani zonse mwa lamulo, musadumphe ngakhale sitepe imodzi.

Komanso kunena zoona, mukati mudikire mapuloti olengezedwa mudzakalamba pa lendi. Ine pano ndikukhala kunja kwa tauni pa malo a mfumu, ndinapita ndi mlamu wanga kwa anduna, tinapereka kenakake, anatilembera kalata ya pamanja, mboni zitatu. Title ndilibe. Amati kuti ndisinthe pafunika chilolezo cha amfumu aakulu, kenako khonsolo, kenako Lands, ndi ndalama ya a survey imene sindinaionepo. Ndinangomanga msangamsanga, chipinda chimodzi, denga tsiku lomwelo, n'kulowa, chifukwa malo opanda munthu ndi amene amagulitsidwa kawiri. Mukapeza kotero tengani, koma mufunse aneba onse anayi, makamaka agogo a pamudzipo, osati amene akukugulitsaniyo. Bzalani mango ndi nthochi sabata yomweyo. Ndipo lowani chilimba cha amai amene mumawadziwa kumene amagona, muzigula lata limodzi limodzi n'kusunga kwa m'bale wokhulupirika, osati panyumba ya lendi alandilodi angagwire. Kaloba musayandikire, ngakhale ine denga lino ndinamalizira ndi kaloba yemweyo mvula itandipanikiza.

Munthu wanu wa mndandandayo muuzeni kuti K500 muli nayo, mukamupatsira pa kauntala ya Civic Centre Lolemba m'mawa, abwere ndi NRC yake. Mudzatiuze m'gulu muno ngati wafika.