Kugwetsa siling'i yakale ya jipisamu popanda kudzaza fumbi nyumba yonse

Wowerenga wina watilembera imelo kuti: "Siling'i ya kuchipinda kwanga ndi ya mabolodi a jipisamu, yathimbirira ndi madzi ndipo yayamba kulendewera. Ndiichotse bwanji osaipitsa nyumba yonse?"

Zikomo pofunsa. Choyamba, nyundo ikhale patali. Fumbi lambiri limabwera chifukwa chophwanya bolodi, ndiye cholinga chanu chikhale kulitsitsa lathunthu kapena m'zidutswa zikuluzikulu.

Musanakhudze chilichonse, ganizirani zaka za nyumbayo. Ngati inamangidwa zaka za m'ma 1980 zisanafike, pulasitala wa m'malumikizidwe kapena wokongoletsera akhoza kukhala ndi asibesitosi, yemwe amawononga mapapo. Kayezetseni kaye kachidutswa. Izi si zochitira chibwana.

Zimitsani magetsi pa meni switchi, mumasule mababu ndi zogwirira zake. Tulutsani katundu, yalani pulasitiki wochindikala pansi, wina mutseke naye chitseko pomata ndi tepi mbali zonse. Pawindo ikani fani youluzira kunja. Valani masiki yosefa fumbi ya mtundu wa N95 kapena FFP2 ndi magalasi oteteza maso.

Chimene ambiri amaiwala chili pamwamba. Kudengako kumaunjikana fumbi la zaka zambiri, zitosi za makoswe, nthawi zina ndi zofunditsira nyumba zangati thonje. Mukangotsitsa bolodi, zonsezo zimakukhuthukirani kumutu. Ngati n'kotheka kukwerako, yambani mwazichotsa ndi makina okoka fumbi, mukuponda pa mitanda yokha, osati pa bolodi.

Kenako dulani ndi mpeni wakuthwa pomwe siling'i yakumana ndi khoma, kuti penti wa khoma asasupuke. Tengani maginito muziyendetsa pa siling'i. Pomwe yakakamira pali screw. Kandani pang'ono, mutu wake uoneka. Ma screw amakhala mumzere motsata mtanda, motalikirana pafupifupi masentimita 30, ndipo mitandayo imatalikirana masentimita 40 kapena 60. Amasuleni ndi dirilo kuyambira mbali imodzi. Bolodi la mamita 1.2 kwa 2.4 lochindikala mamilimita 12.5 limapitirira makilogalamu 20, choncho mukhale awiri, kapena lichirikizeni ndi thabwa looneka ngati T.

Ngati anakhomera misomali, dulani ndi mpeni pakati pa mitanda ndi kukanula pang'onopang'ono. Macheka amagetsi amatulutsa fumbi lochuluka, komanso akalowa kupitirira mamilimita 13 akhoza kudula waya kapena paipi.

Bolodi lonyowa lija limafumbutuka lokha, ndiye ikani beseni lalikulu pansi pake. Zidutswa muziika m'matumba pompo. Pomaliza wazani timadzi pa pulasitiki, mumupinde kulozetsa mkati, ndipo pansi mukolope m'malo mosesa. Pomwe padenga pakudontha mukonze musanakhome bolodi latsopano.