Geni ya galimoto za ku Dar: ndalama imathera pamphambano

Achimwene, mwafunsa kuti geni yotenga galimoto ku Dar es Salaam imayenda bwanji, komanso ngati mungakaiyendetse nokha ulendo woyamba kuti ndalama ya dalaivala itsale m'thumba. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Za mapepala ndingokhudzako pang'ono, chifukwa ejenti aliyense adzakuimbirani nyimbo yomweyo. Chimene sadzakuuzani ndi nkhani ya pamphambano, koma ineyo pa zaka zimene ndayenda msewu umenewu, ndalama imene inandiwawa kwambiri sindinaisiye pa tebulo la msonkho. Ndinaisiya m'ngalande, pamene misewu iwiri yakumana.

Poyambira ndi pa intaneti. Mumasankha galimoto kwa ogulitsa a ku Japan monga Be Forward kapena SBT, n'kulipira mtengo woifikitsa padoko la Dar es Salaam. Malipiro ake ndi madola, ndipo mukudziwa mmene madola akusowera kuno. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzathu ena amene tinkagona nawo m'magesitihausi a ku Kariakoo anangopachika jombo. Sitima imatenga mwezi ndi masabata angapo. Ikakocheza, ejenti wa ku Dar amatulutsa galimoto ndi mapepala osonyeza kuti ikungodutsa m'dziko la Tanzania, n'kuimata nambala ya IT. Kuchoka apo ndi makilomita opitirira 900 kukafika pa boda ya Kasumulu, muwoloke mlatho wa Songwe, mukumane ndi a msonkho a MRA, kenako makilomita ena opitirira 600 kukafika ku Lilongwe. Mukachotsa msonkho, ma ejenti awiri, mafuta, pogona ndi chipsi cha mazira cha panjira, chotsala ndi kachidutswa. Bampala, nyali imodzi ndi radiyeta zimakameza konse osasiyako ya mchere.

Mapepala a IT aja amakhala ndi masiku owerengeka oti mukhale mutatuluka m'dzikomo, ndipo mukachedwa pali chindapusa. Kwinaku mwini galimoto ali ku Area 25 akuimba foni ola lililonse kuti mwafika pati. Ndiye munthu amanyamuka ku Dar mtima uli kale pa Songwe. Onjezani apo kuti galimotoyo simukuidziwa. Yakhala miyezi ili chiimire, kaya pabwalo ku Japan kaya m'sitima. Zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, ofewa, amene pa phula lotentha la ku Morogoro sagwira bwino ukaponda buleki mwadzidzidzi. Kawailesi kake kakulankhula Chijapani, inu maso ali pa mabatani kufuna kukatontholetsa. Munthu wothamangira nthawi, wotopa, ali m'galimoto yachilendo, ndi ameneyo amene akulowa pamphambano.

Mukatuluka mu Dar zinthu zimaoneka ngati zophweka. Pa Ubungo, pomwe kale tinkataya maola, anamangapo misewu yodutsana m'mwamba imene inatsegulidwa mu 2021, ndipo kukafika ku Kibaha msewu ndi wotakasuka. Mwendo umazolowera mafuta. Kenako msewu umabwerera kukhala wa mizere iwiri, ndipo mutayenda makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Dar mumafika pa Chalinze. Apa msewu wopita ku Tanga, Moshi ndi Arusha umapatukira kumanja, inu mukupitirira kulowera ku Morogoro. Poti kumeneko amayendanso kumanzere ngati ife, aliyense wokhotera kumanja amayenera kuima pakati n'kudula njira ya amene akubwera kutsogolo. Ndiko kukhota koopsa kuposa kwina kulikonse, ndipo basi yodzaza anthu ikachedwa, dalaivala wake sadikira mpata wokwanira, amangolowetsa mutu kuti enawo aone okha chochita.

Koma si kamangidwe ka msewu kokha. Chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti kwathu kuno mphambano ndi msika. Pamene misewu yakumana mpamene mabasi amatsitsa ndi kukweza, ndiye mpamene mayi wa nthochi amayala, wa chimanga chootcha amakoleza moto, a njinga zamoto amadikira makasitomala. Basi ikangoima, anyamata onyamula madengu pamutu amathamangira kumawindo, maso ali m'mwamba kwa wogula, osati pamsewu. Wina chenji chake chatsalira m'basi ndipo basiyo yayamba kuyenda, amaithamangira modula msewu osacheuka. Thiraki yaima m'mbali dalaivala akudya, ndipo yatseka pamene inu mukanaonera kamsewu kolowa. Ine sindiwanena anthu amenewa, nanenso ndine wa geni, ndimadziwa kuti kasitomala sumudikira kunyumba. Koma zimenezi zikutanthauza kuti malo amene dalaivala akufunika kuona kutali ndi omwenso adzaza zinthu zomutchinga. Pa Msamvu ku Morogoro, pomwe msewu wa ku Dodoma umapatuka, ndi chimodzimodzi: raundabauti, depoti ya mabasi pambali, ndi njinga zamoto zotulukira mbali zonse ngati njuchi.

Tsopano mvetserani nkhani ya indiketa, chifukwa iyi sukulu yoyendetsa galimoto sinakuphunzitseni. Pamsewu wautali madalaivala a mathiraki ndi mabasi ali ndi chinenero chawo. Amene ali kutsogolo kwanu akayatsa indiketa ya kumanja, nthawi zambiri akukuuzani kuti musandipitirire, kukubwera galimoto. Akayatsa ya kumanzere, akuti njira ili bwino, dutsani. Patchire chinenerochi chimathandiza kwambiri. Pamphambano chimapha, chifukwa indiketa yomweyo ikhoza kutanthauza zimene inapangidwira: akukhotadi.

Ine zinandionekera ndi galimoto ya Sienta ya kasitomala, chakumadzulo, titadutsa Mafinga kulowera ku Makambako. Msewu wonsewu umaloza chakumadzulo, ndiye ikamakwana 5 koloko dzuwa limakhala pagalasi penipeni, ndipo galasi la galimoto yochoka padoko limakhala ndi fumbi ndi zolembalemba za choko. Ndinakhala kumbuyo kwa thiraki kwa nthawi yaitali, mtima ukupsa. Itayatsa ya kumanzere ndinati zikomo bwana, n'kutulukira kumanja mwendo uli pansi. Osadziwa kuti mnzangayo sankalankhula ndi ine. Ankakhotera m'kamsewu ka kumanzere, ndipo pakamwa pa kamsewuko panali bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, imene itaona kuti thiraki ikuchepetsa liwiro inaganiza kuti mpata ndi umenewu, n'kulowa mumsewu waukulu. Thiraki inatibisa tonse awiri. Ndinangoona chinthu chofiira chatulukira kutsogolo kwa mphuno ya thiraki, mayi atakhala kumbuyo ndi thumba pamiyendo. Ndinapotoza chiwongolero, galimoto inatsika phula n'kukamenya pakamwa pa kalavati. Palibe anavulala, Mulungu ngwabwino. Koma ndinatuluka mawondo akugundana, madzi a mu radiyeta akuchucha pafumbi, kawailesi kaja kakupitiriza kulankhula Chijapani ngati palibe chachitika. Masiku atatu ndinagona pagalaja kudikira zipangizo, masiku a pamapepala anatha, chindapusa chinabwera, ndipo kasitomala ndinamupatsa galimoto ya bampala ya mtundu wina. Ulendo umenewo ndinagwirira ntchito makaniko.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikangoona kamsewu kolowa, shopu, kapena anthu ataima m'mbali, sindipitirira galimoto ngakhale wakutsogolo ayatse indiketa mpaka babu lipse.

Za Mikumi ndi Kitonga ena akuuzani kale: m'nkhalango ya Mikumi muli mahampu ndi nyama, ndipo kugunda nyama kuli ndi chindapusa chake, pamene pa Kitonga ndi makona ndi chitunda. Malo amenewo amaopsa poonekera, ndiye aliyense amadzidzimuka yekha. Chimene ndingawonjezere n'chakuti mphambano kapena msika uliwonse umene uli kumunsi kwa mtsetse muziuopa kawiri. Thiraki yolemera ikatsika phiri dalaivala akudalira buleki m'malo mwa giya, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira, ndipo amafika kumunsi hutala ili pakamwa. Mukaima pamalo otere, diso limodzi likhale pagalasi loonera kumbuyo, ndipo siyani mpata kutsogolo woti muthawirepo.

Pa Makambako msewu wa ku Njombe ndi Songea umapatuka, kumazizira, ndipo ndi pamene tulo timayamba kugwira amene ananyamuka ku Dar m'bandakucha. Ambiri amakakamira kuti akagone ku Uyole kapena pa boda penipeni. Pa Uyole mpamene timasiya msewu wa ku Mbeya ndi Tunduma n'kukhotera kumanzere kulowera ku Tukuyu. Kukhotako n'kosavuta, koma mlendo amazindikira mochedwa kuti wafika, amaponda buleki mwadzidzidzi, kumbuyo kuli thanki ya mafuta yopita ku Zambia imene sinkayembekezera zimenezo. Chepetsani liwiro mudakali patali ndipo yatsani indiketa msanga. M'matauni a kumeneko malire ndi 50, apolisi amaima ndi kamera yawo imene amaitcha tochi, ndipo nambala ya IT amaionera patali. Poyamba ndinkadandaula nazo. Pano ndimaona kuti zikwangwani za 50 zija zambiri zili pamalo omwe ndikukuuzaniwa.

Mukawoloka Songwe mubweze wotchi ndi ola limodzi, koma musabweze tcheru. Apa mpamene ambiri amatayirira poti tafika kwathu. Pa raundabauti ya Karonga, pomwe msewu wa ku Chitipa umayambira, njinga zakapalasa ndi zosawerengeka, zina zitanyamula matumba a mpunga otambalala kuposa mwini wake, ndipo usiku zilibe nyali. Pa Chitimba pali potulukira msewu wa Gorodi wochokera ku Livingstonia. Pa Chiweta mukuyamba kukwera pamene mathiraki a malasha akutsika. Pa Bwengu pali mphambano ya ku Rumphi. Mukadutsa Mzuzu, m'Chikangawa mumagwa chifunga choti simuona kutsogolo, ndipo malole a matabwa amatulukira m'timisewu ta m'nkhalango pang'onopang'ono, ena opanda chonyezimira n'chimodzi chomwe. Pa Jenda tomato ndi anyezi amayalidwa mpaka m'mphepete mwa phula, ndipo galimoto ya patsogolo panu ikhoza kuima paliponse chifukwa amayi a m'katimo aona mulu wotchipa. Kenako Kasungu, Madisi, Mponela, Lumbadzi, mpaka pa Kanengo pomwe msewu wa ku Salima umalowa, ndipo nyengo ya fodya malole opita ku okushoni amadzaza m'mbali. Mphambano zambiri za pa M1 zilibe kanjira kapadera koimapo wokhotera kumanja, ndiye amaima mumzere womwewo wa othamanga. M'malo ena mizere inafufutika, zikwangwani zina anthu anazula. Wakuderalo amadziwa kuti paseli pa mtengo wa mango uja pali msewu. Inu simukudziwa.

Palinso matola. Madalaivala ambiri a IT amanyamula anthu panjira kuti apeze ya pamwamba, ndipo anthuwo amapezeka kuti? Pamphambano pomwepo. Ndiye dalaivala amalowa pamalo oopsa maso ali kwa oimika m'mbali, akaona dzanja amadula msewu kukaima. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Galimoto ikachita ngozi ili ndi anthu olipira, a inshuwalansi amakhala ndi poyambira kukana, ndipo mlandu umatsata dzina lili pamapepala, lomwe ndi lanu.

Ndiye pafunso lanu lija, ulendo woyamba musayendetse nokha. Lembani dalaivala wozolowera njirayo, inu mukhale pampando wa kumanzere ndi kabuku, muziona pamene iye akuchotsa mwendo pamafuta musanaone chifukwa chake. Mugwirizane mtengo wokwanira kuti asafune matola, ndipo mumuuze poyera kuti sakwezamo munthu. Musananyamuke ku Dar pitani pagalaja aone matayala, mabuleki, oilo ndi madzi, mutsuke galasi lakutsogolo mkati ndi kunja. Ulendo muugawe kuti mdima ukupezeni muli pogona, kaya ku Iringa kaya ku Makambako, ndipo ndalama ya usiku umodzi wowonjezera muiwerengere kale mumtengo wogulitsira. Tsiku limene mudzayambe kutuma dalaivala inu muli kunyumba, foni muzimuimbira kawiri, m'mawa asananyamuke ndi madzulo atafika. Kasitomala akamakuvutitsani, muuzeni tsiku lofika mutawonjezerapo awiri.